Makalata a Womanga Mipanda

Kalata yondiitana inafika Lachiwiri m'mawa, mu Okutobala 2005, ndili pakati pophikira Adona phala. Inali yaifupi. Inati Lachinayi ndikaonekere ku ofesi yoona za anthu olowa m'dziko, ndipo nditenge mapepala anga onse. Ku ofesi imeneyo ndinkapitako kale mwezi uliwonse kukasaina kuti aone kuti sindinathawe, koma zoti nditenge mapepala onse anali asanandiuzepo. Ndinaiwerenga kawiri ndili chiimire, phala n'kupserera.

"Mwapsereza," anatero Adona ali pampando wawo. Maso anali atachita khungu, koma mphuno, ha, inkagwira ntchito ya anthu awiri. "Chavuta n'chiyani, Aphunzitsi?"

Ndinawauza kuti palibe. Anandiyankha kuti bodza silindikhala.

Adona anali mayi wa ku Ireland wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, wokhala yekha ku Wembley, dera lina la mu London. Wansembe wa kutchalitchi kwathu ndiye anatilumikiza: iwo anandipatsa kachipinda, ine ndinkawaphikira, kuwawerengera nyuzipepala ndi kuwaperekeza kuchipatala. Dzina loti Adona ndinawapatsa ndine mowaseka, chifukwa ankalamula ngati mkazi wa mzungu wa pafamu. Nditawafotokozera tanthauzo lake anandiponyera silipasi, koma dzinalo linakakamira.

Ine ndinabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, wapansi, ndipo sanabwerereko. Komabe ife ana ankatiuza mobwerezabwereza kuti, "Munthu akakufunsa kwanu, usamatchule famu ya mzungu. Famu ndi pantchito. Utchule mudzi, mfumu ndi boma." Ine ndi mng'ono wanga tinaloweza zitatuzo ngati katekisimu, ngakhale mudziwo sitinauonepo ndi maso.

Nditakula ndinkaphunzitsa pa sukulu ya pafamupo. Mu 2002 anabwera anyamata a chipani cholamula pa lole, akuti ine ndi mng'ono wanga tikusocheretsa antchito pa nkhani ya chisankho. Anatitengera kupolisi. Zimene zinachitika m'chipinda cha kupolisiko sindizilemba pano. Ine ndinatuluka ndikutsimphina, ndipo ndikutsimphinabe. Mng'ono wanga anatuluka atamukulunga m'bulangete.

Boma la kumeneko linkati ife ana a obwera si nzika, choncho ndinathawa ndi pasipoti ya Malawi imene ndinaipeza kudzera m'dzina la bambo. Pa bwalo la ndege ku London wantchito anandifunsa kuti kwathu ndi kuti. Funsolo ndinalimva bwinobwino, pajatu Chingerezi ndinkaphunzitsa ndine. Koma lilime linayankha monga linaleredwera: mudzi, mfumu, boma la Dedza. Iye analemba. Za famu, za polisi ndi za mng'ono wanga ndinafotokoza zonse pambuyo pake, koma zinalowa pa masamba otsatira, ndipo tsamba loyamba linakhalabe loyamba.

Miyezi itatu kalata ija isanafike, wachibale wa Adona anaimba foni kuchokera ku Ireland. Anati waona pa kompyuta kuti dzina la bambo awo lili m'ndandanda wa nyumba yosungiramo zikalata zakale za boma, komwe kuno ku London. Bambowo anali womanga mipanda ya miyala. Anamangidwa pa nthawi imene anthu a ku Ireland ankalimbana ndi ulamuliro wa Angerezi, anawabweretsa kundende ya ku London, ndipo anafera momwemo Adona asanabadwe. Adona sankawatchula kuti bambo. Ankangoti "munthu uja".

"Tipite tikaone zimene anasiya munthu uja," anatero. "Mwina ndi ngongole."

Tinakwera sitima ziwiri. Pakhomo pa nyumba ya zikalatayo anatiuza kusiya zikwama, ndipo m'kati ankalola pensulo yokha. Anatibweretsera katoni, m'katonimo muli fayilo yomanga ndi kansalu. Nditamasula ndinapeza makalata a pamanja, ambiri ndithu, iliyonse ili ndi chidindo cha woyang'anira ndende chosonyeza kuti yaletsedwa. Onse anali opita kwa mkazi wake, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe imene inatuluka pa geti.

Ndinayamba kuwerenga monong'ona, Adona atatchera khutu paphewa langa. Ndinkayembekeza madandaulo, kapena mawu akuluakulu a ndale. Ayi ndithu. Munthuyo ankafunsa za mpanda.

"Kodi mpanda wa kumpoto uja wagwa ndi mvula? Usalole mlongo wako aukonze, amaika miyala ngati akuunjika mbatata. Undidikire." M'kalata ina anati, "Kuno ndili bwino. Atipatsa aliyense chipinda chake ngati mabwana, ndipo pali munthu wolipidwa kuti azititsekera chitseko." Ankafunsa za ng'ombe imene inali ndi bere, za denga lodontha, za nsapato za mkazi wake. Za kuzizira, za njala, za kumenyedwa, ziii. Koma pa mapepala a akuluakulu a ndende amene anali m'fayilo momwemo zinalembedwa poyera kuti pa masiku omwewo anali m'chipinda cha chilango, akudya buledi ndi madzi.

Ndinene mosabisa: munthu ameneyo ndinamukonda pomwepo. Ine ndikudziwa mmene dzanja limanjenjemerera ukachoka m'chipinda chotero. Kuti munthu atenge pensulo ndi dzanja limenelo n'kulemba nthabwala ya mbatata, kuti mkazi wake woyembekezera aseke, abale, umenewo ndi umuna umene ine sindinaufikepo.

Pakati pa makalatawo panali pepala losindikizidwa ndi makina. Linali lonjezo loti wandende akasaina amasulidwa. Mzere wosainapo unali wopanda kanthu. Kalata yotsatira inati: "Andibweretsera pepala loti ndikasaina ndifika kunyumba Khirisimasi isanakwane. Ndaliwerenga mofatsa. Likuti zimene ndinaona ndi maso angawa sizinachitike, ndipo anzanga amene anafa anali achifwamba. Ndikufuna kubwera, Mulungu akudziwa. Koma ndikabwera mwa njira imeneyi, udzalandira chipewa ndi jekete, mwamuna wako mulibemo." M'munsi mwake anawonjezera kuti, "Mwana akabadwa wamkazi umutche dzina la mayi anga, koma usadzamuuze kuti anali aukali, angatengere." Ndipo analemba dzinalo.

Silinali dzina la Adona. Kalatayo sinafike, choncho mayi awo anawatcha lina.

"Tsekani," anatero Adona mokweza, anthu onse m'chipindamo n'kutembenuka. "Chitsiru cha munthu! Mayi anga anafa akuganiza kuti anawaiwala. Ankachapa zovala za anthu mpaka zala kupindika, iye ali busy kukana mapepala." Mawu akuti busy anawatchula ngati akulavula. Makalata otsala sitinawawerenge. Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyo inaletsedwa m'nyumba.

Tsono Lachinayi lija ndinapita ku ofesi. Nditapereka khadi langa pawindo, sanandipatse buku losainamo monga mwa masiku onse. Anati, "Bambo, tabwerani mbali ino pang'ono." Mbali imeneyo inali ndi chitseko chopanda chogwirira m'kati. Anandilanda lamba, zingwe za nsapato ndi foni. Madzulo anandikweza galimoto ya mawindo akuda n'kupita nane kumalo osungirako anthu oyembekeza kuthamangitsidwa m'dziko, pafupi ndi bwalo la ndege.

Mlonda amene anandilandira anali munthu wansangala. "Kuno si kundende, bambo," anatero akundipatsa bulangete. "Inu ndinu alendo athu."

"Ndiye mlendo akafuna kutsanzika amatulukira pati?"

"Khomo lilipo," anayankha akuloza kudenga, kumene ndege inkadutsa.

Sanandimenye. Ndilembe zimenezi momveka, chifukwa ndakhalapo kumene amamenya ndipo kusiyana kwake ndikukudziwa. Chakudya chinalipo, madzi otentha analipo. Chimene panalibe ndi tsiku. Wakuba amauzidwa kuti ukhala zaka zakuti, ndipo amayamba kuchotsera. Ife sitinauzidwe kanthu. Ndege zinkadutsa pamwamba pathu tsiku lonse, ndipo ukamva makiyi akulira m'khonde sunkadziwa kuti akudzatenga yani. Ena ankawatenga akukuwa. M'mawa mwake bedi linkakhala loyalidwa bwino, ndipo sitinkafunsa.

Wondifunsa mafunso anali mtsikana waulemu, wamsinkhu wa ana amene ndinkawaphunzitsa. Ankabwera ndi fayilo yanga ndipo nthawi zonse ankatsegula tsamba loyamba.

"Apa munanena nokha kuti kwanu ndi ku Dedza, m'dziko la Malawi."

"Ndinanena. Ndi kwa bambo anga. Ine sindinapondeko."

"Nanga munanenanji kuti ndi kwanu?"

Ndinayesa kufotokoza za bambo, za famu, za katekisimu wathu uja. Ankagwedeza mutu mwachifundo, pensulo ili pansi. Tsiku lina anandifunsa ngati ndili ndi chikalata cha imfa ya mng'ono wanga. Ndinapsa mtima. Ndinati, "Mayi, amene anamupha ndi omwewo amene amapereka zikalatazo. Mumafuna ndikaime pamzere?" Analemba kuti ndilibe.

Mu Disembala anabwera ndi pepala. Linkati ine ndine nzika ya Malawi, ndikuchotsa zonse zimene ndinanena zokhudza kuzunzidwa, ndipo ndikuvomera mwa kufuna kwanga kubwerera kwathu. "Mukasaina, sabata yamawa muli panja," anatero. "Mukapanda kusaina, sindingakuuzeni kuti mukhala mpaka liti." Anandisiyira pepalalo kuti ndiliganizire.

Amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anali bambo wina wa ku Lusaka, wanthabwala zake. Ataliwerenga anati, "Mudala, sainani chabe muyende. Ku Malawi kulibe nkhondo. Muzafela chani muno?" Sankalakwa. Mwendo wanga unkawawa ndi kuzizira, tulo tinali titathawa, ndipo ndinali nditayamba kuiwala mawu pakati pa chiganizo, ine mphunzitsi. Ku Lilongwe sindinkadziwa munthu ndi mmodzi yemwe, komabe kunali dzuwa ndipo kunalibe makiyi. Cholembera ndinachigwira ndithu.

Koma pepalalo linali ndi mawu akuti ndikuchotsa zonse. Mng'ono wanga alibe chikalata cha imfa, alibe mtanda pamanda, ndipo famu imene anaikidwako sitiloledwa kupondako. Malo okhawo padziko lapansi pamene zinalembedwa kuti munthu ameneyu analiko, ndipo anafa motere, ndi m'fayilo yanga ija. Ndikasaina, ndiye kuti ndamufufuta ndi dzanja langa. Apo m'pamene womanga mipanda uja anandibwerera m'mutu, ndi chipewa chake ndi jekete. Sindikunena kuti ndinali ngati iye. Iye ankalimbana ndi ufumu, ine ndinkalimbana ndi tsamba loyamba la fayilo. Koma ndinali nditaona ndi maso anga kuti mzere umatheka kuusiya wopanda kanthu, ndipo munthu wake n'kumafunsabe za ng'ombe. Ndinabweza pepalalo lili choncho.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumutsanzira dala. Polembera Adona kalata, imene mayi wina wa kutchalitchi ankawawerengera, sindinkatchula za makiyi. Ndinkafunsa ngati akumwa mankhwala a m'mawa, ndiponso ngati wowaphikira watsopanoyo akudziwa kupsereza phala monga ine.

Khirisimasi itadutsa anabwera kudzandiona, atagwidwa mkono ndi mayi wa kutchalitchi uja. Alonda anawasecha mpaka ndodo. Atakhala pansi sanandipatse ndi moni womwe.

"Ndamva kuti akupatsani pepala."

"Anandipatsa."

"Sainani."

"Sindisaina, Adona."

Anamenya tebulo ndi chikhatho. "Mwawerenga timakalata tingapo basi, mwayamba kudziona ngati iyeyo? Mukufuna akujambuleni pa zenera la tchalitchi ngati woyera mtima? Ine ndakula ndi zotsatira za kuuma mutu kumeneku, ndikudziwa mmene zimathera. Zimathera m'bokosi, ndipo wotsala ndiye amachapa zovala. Pitani ku Malawi mukakhale ndi moyo!"

Nanenso magazi anakwera. Ndinati, "Bambo anu sanaiwale munthu. Amene anatsekera makalata aja m'katoni ndi ena, koma inu mwakhala mukukalipira iwo moyo wanu wonse. Ine mng'ono wanga ndilibe pena pomusunga. Mukundiuza kuti ndimutaye kuti ndikaothe dzuwa?"

Adona anaimirira n'kuuza mayi uja kuti, "Tiyeni, muno mukununkha zitsiru." Ndinabwerera kuchipinda mtima uli wolemera kuposa tsiku limene anandigwira. Ndinadziwa kuti ndataya munthu yekhayo amene ndinali naye mu London.

Mu Febuluwale loya wa bungwe lina lothandiza anthu ngati ife anandipezera tsiku lokapempha belo. Anandichenjeza kuti popanda munthu wondiimira ndi keyala yokakhalako, palibe chimene chingachitike. Ndinamuuza kuti ndilibe. Nditalowa m'khoti ndi alonda awiri, ndinaona chipewa chobiriwira chimene Adona ankavala pa Pasaka pokha. Anali atakhala kutsogolo, ndodo ili pamiyendo, nkhope ili gwa.

Woimira boma anawerenga tsamba loyamba lija. Woweruza, bambo wa imvi wooneka wotopa, anandifunsa funso lomwe lija, ndipo ndinayankha yankho lomwe lija. Kenaka anaitana Adona kuti atsimikize ngati ndikakhale kwawo. Anatsimikiza, koma sanakhale pansi.

"Bwana woweruza, ndifunseni ine kwathu."

"Mayi, keyala yanu ndili nayo. Ndi ku Wembley."

"Sindinati keyala. Ndati kwathu." Ndipo anatchula mudzi, parishi ndi boma la kumadzulo kwa Ireland, zitatu motsatizana, ndendende mmene bambo anga ankatiphunzitsira. "Ndinachokako ndili mtsikana," anapitiriza. "Nyumba inagwa, ondidziwa onse ali kumanda. Mano anga onse atherera mu London muno. Koma mukandidzutsa kutulo n'kundifunsa, ndidzatchula komweko, chifukwa ndi mmene anatilerera. Ndiye nanenso mundikweze ndege? Bambo awa anayankha ngati mwana woleredwa, basi. Ndipo pepala lanulo sasaina, musadzivute. Mtundu umenewu ndikuudziwa. Bambo anga anali otero."

Aka kanali koyamba kuwamva akunena kuti bambo anga.

Woweruza sanaseke ndipo sanawadzudzule. Analemba kwa nthawi yaitali. Kenaka anati nkhani ya kumene ndinabadwira iyenera kuunikidwanso, ndipo podikira zimenezo palibe chifukwa chondisungira m'chitokosi. Anandipatsa belo. Madzulo a tsiku lomwelo anandibwezera lamba ndi zingwe za nsapato, ndipo mlonda wansangala uja anati, "Muyende bwino, bambo, mudzabwerenso." Ndikhulupirira kuti ankangocheza. Kunja kunali kamvula, ndipo ndinaima pa geti ndi jumbo yanga kudikira kuti wina andiuze kuti yenda, mpaka Adona anakuwa ali m'takisi kuti mita ya takisiyo ikuwerenga ndalama.

Nyengo yozizira itatha, iwo okha ndiwo anati tibwerere ku katoni ija. Tinayambira pamene tinalekezera. Makalata omaliza anali aafupi, zilembo zikupendekeka. "Ndili ndi kachifuwa, si kanthu." Ina inati, "Ukamamanga mpanda usamatseke mipata yonse, mphepo izidutsa, apo ayi umagwa. Umuuze mlongo wakoyo." Yomaliza inkafunsa ngati mwana wayamba kugunda m'mimba. Pambuyo pake panali kapepala ka dokotala wa ndende, mizere iwiri.

Adona anandipempha pepala losindikizidwa lija. Ndinawagwira dzanja n'kuika chala chawo pa mzere wopanda kanthu. Anachiyendetsa pang'onopang'ono kuchoka kumanzere mpaka kumanja, n'kubwereranso. Misozi inkatsika, koma mawu anali omwe aja aukali.

"Chitsiru," anatero motsitsa. "Koma ankalemba bwino, eti?"

"Ankalemba bwino kwambiri."

"Tawerenganinso paja pa dzina."

Ndinawerenganso. Anapukuta m'maso ndi mpango n'kunena kuti, "Za Adona zanuzo zithe lero. Muno mulibe famu. Muzindiitana limenelo." Ndinawaitana dzina limenelo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, ndipo ankayankha msanga ngati analizolowera kuyambira ali khanda.

Mlandu wanga unatenga zaka zina usanathe, ndipo nthawi yonseyo ndinkapitabe kukasaina pawindo lomwe lija, mtima uli m'mwamba. Anthu amandifunsa ngati ndinamva ufulu tsiku limene geti linatseguka. Ndinamva mpumulo, inde, ndipo ndinagona ngati mwana. Koma ufulu ndinaumva kale, m'chipinda chokhoma, mphindi imene ndinaika cholembera pansi. Womanga mipanda uja geti silinamutsegukire, ndipo sindinganene kuti anapambana, chifukwa mkazi wake anafa ndi chisoni chimene sichinayenere kukhalapo. Chimene ndinganene n'chakuti omwe anamutsekera ndi omwe anasunga mawu ake mosamala, osanyowa, osadyedwa ndi njenjete, mpaka anafika kwa mwana wake ndi kwa ine mlendo.

Fayilo yanganso ili pena pake m'katoni ya boma. Tsiku lina, ine kulibe, wina adzasiya chikwama pakhomo, adzalowa ndi pensulo n'kumasula kansalu. Pa tsamba loyamba adzapeza mudzi wa bambo anga. Akadzapitiriza adzapeza dzina la mng'ono wanga, lonse lathunthu, ndi mmene anafera. Palibe amene analifufuta.